Madzulo a baseball mumzinda wa fodya wa Durham

Kuchokera ku Raleigh kukafika ku Durham, m'chigawo cha North Carolina ku America, ndi mtunda wa mphindi pafupifupi 30 pa galimoto. Lachisanu madzulo ife a kumpingo tinadzazana m'magalimoto, ana ali thithithi kumbuyo, kukaonera timu ya baseball ya Durham Bulls. Matikiti tinagula ngati gulu, motero tinakhala mizere yoyandikana.

Tisanalowe m'bwalo tinadutsa pakati pa nyumba zakale za njerwa zofiira za American Tobacco, momwe ankapangira ndudu za Lucky Strike. Lero muli maofesi ndi malo odyera. Mzindawu unakula ndi fodya, ndipo timuyi poyamba mu 1902 inkatchedwa Durham Tobacconists. Nkhunzi yomwe ili chizindikiro chake inachokera pa fodya wotchuka wa Bull Durham. Ife ochokera kudziko lolima burley tinayenda pang'onopang'ono pamenepa, tikuona zomwe tsambali linasiyira eni fakitale.

Bwalo la Durham Bulls Athletic Park linatsegulidwa mu 1995 ndipo mumalowa anthu 10,000. Kumanzere kuli chikhoma chachitali chobiriwira ngati thambo, chotchedwa Blue Monster, ndipo pamwamba pake paima chithunzi chachikulu cha nkhunzi. Wosewera wa Bulls atamenya mpira mpaka kudumpha mpanda, maso a nkhunziyo anayaka psuu, utsi uli tolotolo m'mphuno, mchira ukugwedera. Ana athu anakuwa mpaka mawu kusasa. Nkhunzi yoyamba ya mtunduwu anaipangira filimu ya Bull Durham ya mu 1988, momwe munasewera Kevin Costner.

Malamulo tinkaphunzitsana pomwepo. Wina amaponya mpira, wina amaumenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira malo anayi. Ukaphonya katatu watuluka, ndipo atatu akatuluka matimu amasinthana. Masewero onse ali ndi zigawo 9. Pakati pa chigawo cha 7 bwalo lonse linaimirira kudziwongola ndi kuimba limodzi, nafenso tinaimirira.

Chomwe chinandigwira mtima ndi moyo wa anyamata osewerawo. Bulls ili mu Triple-A, khwerero lomaliza munthu asanafike mu ligi yaikulu, ndipo kuyambira 1998 imalera osewera a Tampa Bay Rays. Amene wawala lero, mawa akhoza kuitanidwa ku Rays ku Florida, mnzake wa kumeneko n'kubwezedwa kuno. Kwa zaka zambiri malipiro awo anali ochepa kwambiri. Mgwirizano wa mu 2023 ndiwo unakweza malipiro otsikitsitsa mu Triple-A kuchoka pa madola 17,500 kufika 35,800 pachaka. M'bwalomo anyamata akumenyera tsogolo lawo, pomwe ife kumipando tikutafuna mtedza ndi ma hot dog.

Masewerowa sathamanga ngati mpira wamiyendo. Amapereka mpata woti amayi akambirane za sukulu za ana, abambo afunsane za ntchito, mlendo wongofika kumene adziwane ndi anthu. Masewero atatha, magetsi anazima ndipo makombola okongola anaphulika kumwamba, monga amachitira Lachisanu.

Mukadzafika ku North Carolina pakati pa Epulo ndi Seputembala, musadandaule kuti baseball simuidziwa. Sonkhanitsani anzanu, tengani ana, mukaonere Bulls.