Madola akachepa, woyamba ndani?

Abale anga kuno ku Arlington, vuto ili mukulidziwa: madola ndi ochepa, odwala kumudzi ndi awiri. Muyamba ndi ndani?

Maboma nawonso amakumana nazo. Mu 2011 dziko la Malawi lidasankha kuti mayi woyembekezera aliyense amene ali ndi HIV alandire ma ARV moyo wake wonse, osadikira kuyeza CD4. Kuno ku Virginia, Medicaid idayamba kufikira akuluakulu ambiri opeza zochepa mu 2019, andale atakangana zaka zingapo. Pa zisankho zotere masamu amathandiza, komatu chimagamula ndi chomwe anthuwo amachilemekeza.

Ineyo ndimayamba ndi amene alibe wina womuyang'ana. Inu musankha mwanu, basi. Koma chifukwa chakecho muchinene poyera pabanja, kuti wotsalayo asaone ngati watayidwa.