Nkhani Zotsalira za Msonkhano Wathawu

Makolo ambiri kuno kwathu amadziwa anthu awiri okha pa nkhani za sukulu: mphunzitsi wa mwana wao ndi ahedi. Ena amadziwanso wapampando wa PTA, makamaka cifukwa ndiye amayenda m'midzi kuitanira anthu kukaumba njerwa. Koma mukawafunsa kuti kodi ndani analamula kuti sukulu ya kwao ilandire mphunzitsi mmodzi pamene ya pa mseu waukulu inalandira anai, amangoyankha kuti, "Ndi boma." Yankho limeneli n'loona, koma boma limene akunenalo kawiri-kawiri limakhala anthu owerengeka okhala mozungulira tebulo m'kacipinda kena ka ku boma, ali ndi mapepala m'manja.

M'caka ca 1996, pa nthawi ya ulamuliro wa a Frederick Chiluba, dziko lathu linalandira ndondomeko ya maphunziro yochedwa Educating Our Future. Imodzi mwa mfundo zake zazikulu inali yakuti mphamvu zoyendetsera masukulu zisamangokhala ku Lusaka. Kale, mphepo ikasasula denga la kalasi, kalata ya ahedi inali kupita ku boma, kucoka apo n'kupita ku likulu la cigawo, kenaka ku Unduna, ndipo mvula inali kutha yankho lisanabwere. Tsono anakhazikitsa mabungwe a zamaphunziro m'maboma, m'makoleji a aphunzitsi ndi m'masukulu a sekondale. Anayamba kuwayesa ku Copperbelt, pambuyo pake anafalikira ku zigawo zina. Mkulu amene kale tinali kumuchula kuti DEO anasanduka mlembi wa bungwe la m'boma, ndipo n'cifukwa cake mpaka lero timati "a DEBS". Pa tebulo paja panayenera kukhala a ku Unduna, a ku khonsolo, oimira aphunzitsi, oimira mipingo ndi oimira makolo.

Ine ndinakhalako pa tebulo lotere kwa zaka zingapo, moimira makolo. Amene akuganiza kuti kumeneko kunali kukambidwa zinthu zozama za tsogolo la dziko akhumudwa. Msonkhano unali kuyamba ndi pemphero, kenaka maina a amene apepesa kuti sabwera. Mlembi anali kuwerenga zimene zinalembedwa pa msonkhano wathawo, ndipo panali kupezeka ndithu wina wodandaula kuti dzina lake analilemba molakwika. Pambuyo pake panali lipoti la ndalama, lipoti la aphunzitsi, lipoti la zomangamanga, mafuta a galimoto, coko, mapepala a mayeso. Dzuwa likapendeka, aliyense anali kuyang'ana ku khomo, poganizira za ulendo wobwerera kwao.

Pa mndandanda wonsewo panali mutu umodzi umene unali kudutsidwa mofulumira kuposa ina yonse, ndiwo wa nkhani zotsalira za msonkhano wathawu. Ndi pa mutu umenewu pamene ndifuna kuti tikhalepo pang'ono, owerenga anzanga, pakuti ndi pomwe ana a kumidzi yakutali anali kukhala caka ndi caka.

Panali sukulu ina kutsidya kwa mtsinje, kumene galimoto siinali kufika m'nyengo ya dzinja. Aphunzitsi anali ocepa kwambiri kwakuti mmodzi anali kuphatikiza magiredi awiri m'cipinda cimodzi, ena ayang'ana kum'mawa, ena kumadzulo. Nkhani yake ikafika, mlembi anali kunena zoona: sitingatumize mphunzitsi kumene kulibe nyumba. Oimira aphunzitsi anali kuvomereza, ndipo anali ndi cifukwa, pakuti anadziwa anzao amene anagonapo m'kalasi kapena m'ofesi ya ahedi miyezi yambiri. Tsono wina anali kufunsa kuti bwanji osamanga nyumbayo? Wa ndalama anali kuyankha kuti za gawo lino la caka sizinafike, ndipo zocepa zimene zilipo zapita kale ku mayeso a Giredi 7. Makolo a kumeneko anali ataumba njerwa ndi kuziocha, koma simenti ndi malata sizimera m'munda. Pamapeto pake wapampando anali kunena mau aulemu amene ndinawamva kosawerengeka: "Tidzaikambirana pa msonkhano wotsatira."

Palibe amene anakana. Palibe amene ananyoza anthu a kutsidya. M'buku la mlembi simungapezemo ciganizo cakuti bungwe lagamula kuti ana aja asaphunzire. Komabe bungwe linali kukumana kangapo cabe pa caka, ndipo kuimitsa nkhani kamodzi kunali kutaya temu yathunthu. Nkhani imatha kudikira m'faelo osasintha, koma mwana sadikira. Amene anali mu Giredi 1 pamene dandaulo linalembedwa koyamba anali atafika Giredi 4 pamene linali kuwerengedwabe monga nkhani yotsalira, ndipo anafika kumeneko osadziwa kuwerenga dzina lake. Kwa ine, kuimitsa nkhani yotere ndi cigamulo cofanana ndi zigamulo zina zonse, kusiyana kwake n'kwakuti palibe amene amakweza dzanja kapena kusaina.

Sindikunena izi pofuna kuimba mlandu a DEBS kapena aphunzitsi. Udindo wa mlembi unali wovuta: pa tebulo anali mtumiki wa bungwe, koma malipiro ake ndi malangizo ake zinali kucokera ku Unduna. Bungwe silinali kulemba aphunzitsi nchito, pakuti imeneyo ndi mphamvu ya Teaching Service Commission, ndiponso silinali kusonkhetsa msonkho kuti likhale ndi thumba lake-lake. Linali kugawa zimene zafika, pa nthawi imene zafika. Nayenso mphunzitsi wacinyamata amene wakulira m'tauni, akaona kuti cipatala cili kutali ndipo madzi ndi a pa dambo, n'zosadabwitsa kuti posacedwa amabwera ndi kalata ya dokotala kapena cikalata ca ukwati, kupempha kuti amusamutsire kufupi ndi boma. Ngakhale ndalama yapadera imene amapatsidwa ogwira nchito kumidzi siimanga mlatho.

Koma mphamvu imodzi inali m'manja mwa bungwe, ndipo siinali yocepa: kusankha amene ayambe kulandira. Zinthu zikacepa, woyamba pa mndandanda ndiye amadya. Nanga mndandandawo unali kulembedwa bwanji? Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Ahedi a sukulu ya pa boma anali kutsekula citseko ca ofesi katatu pa sabata, pakuti unali ulendo wa miyendo. Makolo a kumeneko ndi amalonda, anamwino, apolisi, anthu odziwa kulankhula ndi kulemba makalata. Ahedi a kutsidya, kuti afike pa citseko comweco, anayenera kupalasa njinga tsiku lonse, kusiya ana opanda mphunzitsi, mwinanso n'kupeza kuti abwana apita ku msonkhano. M'mimba anali kumva ndithu, koma citseko cinali kutali. Ndipo ambiri mwa okhala pa tebulo anali anthu a pafupi ndi boma, odziwa mabvuto a masukulu amene amawaona tsiku ndi tsiku.

Nkhani ya zimbudzi inali kuyenda cimodzi-modzi. Munthu sakonda kuichula pamaso pa akulu-akulu, ndipo inali kudutsa ngati mzere umodzi m'lipoti la zomangamanga. Koma mai wina woimira makolo, mphunzitsi wopuma pa nchito, anaimirira tsiku lina n'kufotokoza mosabisa cifukwa cimene atsikana osinkhuka amajombera masiku angapo mwezi uliwonse, mpaka ena kulekeratu. Cipinda cinakhala cete. Tsiku limenelo nkhaniyo siinaimitsidwe. Dziko lonse linadzaphunzira zomwezo mowawa m'caka ca 2024, pamene matenda a kolera anacititsa kuti masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 January atsegulidwe pa 12 February.

Zambiri zasintha kucokera pa masiku amene ndikukumbukirawa, ndipo zina n'zoyenera kuyamikira. M'caka ca 2002, boma la a Levy Mwanawasa linathetsa malipiro kuyambira Giredi 1 mpaka Giredi 7. M'caka ca 2022, boma la a Hakainde Hichilema linafikitsa maphunziro aulere mpaka ku sekondale, linalemba nchito aphunzitsi 30,496, ndipo linakweza thumba la CDF la dera lililonse la phungu kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni. Maboma naonso anaculuka mpaka 116. Kuno Kum'mawa, Vubwi, Sinda, Chipangali, Kasenengwa, Lumezi, Chasefu ndi Lusangazi anakhala maboma paokha, ndipo citseko cija cinasendera pafupi kwa anthu ambiri. Ana amene anali kuweta ng'ombe anabwerera m'kalasi, ena mpaka kusowa pokhala.

Koma ndaona cinthu cimodzi cimene cimandidetsa nkhawa. Pamene makolo anali kulipira, anali kubwera ku misonkhano ya PTA ali ndi ukali, kufunsa za ngwee iliyonse. Malipiro atatha, ambiri anapuma, n'kumati sukulu tsopano ndi ya boma. Pamenepo matebulo aonjezeka. Madesiki, makalasi atsopano ndi nyumba za aphunzitsi zimadutsa m'komiti ya citukuko ya m'wadi, m'komiti ya CDF ndi ku khonsolo, kuonjezera pa ofesi ya a DEBS. Tebulo lililonse lili ndi nkhani zake zotsalira, ndipo pempho la sukulu yakutali likhoza kudikira pa matebulo anai m'malo mwa limodzi, aliyense akuganiza kuti lili kwa mnzake.

Kwa amene mwasankhidwa kukhala m'makomiti amenewa, kaya m'wadi, kaya pa sukulu, pempho langa n'locepa ndipo silifuna ndalama. Pemphani mlembi kuti pambali pa nkhani iliyonse yotsalira azilemba mwezi ndi caka cimene inabwera koyamba, ndi udindo wa munthu amene anapatsidwa kuti aitsatire. Mzere wakuti "nyumba ya mphunzitsi" umadutsa mosavuta, koma mzere womwewo ukakhala ndi caka ca dzana pambali pake, wapampando amayamba wakhosomola asananene kuti tidzaikambirana. Pemphaninso kuti msonkhano umodzi pa caka uzicitikira pa sukulu imene ili kutali kwambiri m'dera lanu, makamaka m'mwezi wa February, mitsinje itadzaza, ndipo onse a m'komiti akhale pa mipando yomweyo imene ana a Giredi 1 amakhalapo.