Tiyi wotafuna wa ku Cyrildene

Tsiku lomwe ndimanyamuka ku Thyolo amayi adandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo uthenga adandipatsira umodzi wokha. "Ukafika ku Joniko ukamuyang'anitsitse mdzukulu wangayo. Pafoni amangoti 'ndili bwino agogo', basi wapatsira amake. Ukamufunse ngati tidamulakwira."

Mdzukulu akunenedwayu ndi mphwanga, mwana wamkazi wa achemwali anga, wa zaka 15. Adabadwira konko, ndipo kumudzi adafikako kamodzi ali kumsana. Basi idandidutsitsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ine njira yonseyo ndili kalikiliki kusula mawu okamuuza mwanayo. Alakatulife nthenda yathu ndi imeneyi, timayesa kuti palibe mfundo yokanika kumasuka ndi mawu okoma.

Masiku atatu oyamba ku Bez Valley, komwe achemwali amachita lendi, mawu angawo adangondiwolera m'kamwa. Mwana ngwaulemu ndithu, moni amapereka, mbale amachotsa, koma akatero maso ali pafoni. Lachisanu masana, atangoweruka kusukulu, ndiye adandidzidzimutsa: "Malume, tiyeni ndikakugulireni tiyi." Mwamva bwino, sadati amalume. Chizulu nachonso chili ndi liwu lomweli, tsono iye amanditchula mwa Chizulu, "a" wathu waulemu uja adatsalira pa Limpopo.

Tiyi! Ine mwana wa mayi amene adakalambira m'mizere ya tiyi pa esiteti, dengu kumsana, mvula ili pamutu, lero ndikaphunzitsidwe tiyi ndi kamwana ka dzulodzuloli? Ndidaseka chamumtima, koma nsapato ndidavala.

Adanditengera ku Cyrildene, dera la Matchaina mu Johannesburg. Mukangolowa pachipata cha madenga opindika cha mumsewu wa Derrick Avenue, zikwangwani zimasiya kukulankhulani. Abakha ootcha ali lende pamawindo, ndiwo zamasamba zosadziwika maina zili mbwee m'makatoni. Kasitolo kathu kadali kakang'ono, kosaposa golosale ya pa Bvumbwe, koma mudali ana asukulu thothotho, mayunifolomu amitundumitundu, akuda, amwenye, azungu, Matchaina, phokoso ngati mpheta m'munda wa mapira. Wovala jekete ndidali ine ndekha.

Mtsikana wogulitsa adandifunsa mafunso ngati kuchipatala. Tiyi wakuda kapena wobiriwira? Shuga wodzaza, theka kapena kota? Nanga ayisi? Kwathu funso la shuga amayankha ndi thumba la mwini nyumba, mlendo sasankha. Mphwanga adandiyankhira zonse, n'kulipira marandi 55 pa kapu imodzi kuchokera pa ndalama zomwe amasunga. Ndidayamba kuwasintha marandiwo m'makwacha m'mutu mwangamu, ndidalekera panjira poopa mtima.

Tiyiyo adamukhutchumula ndi mkaka m'kachitini mpaka thovu, n'kumuthira m'kapu ya pulasitiki, makina n'kumata pakamwa pake ndi kapepala. Pansi pa kapuyo padali timibulu takuda, ndipo mundikhululukire, chomwe chidandifikira m'maganizo ndi khola la mbuzi. Adandipatsa kapaipi konenepa ngati bango, kosongoka mbali imodzi, koti ndibayire chivindikirocho. Ndidabaya mwaulemu, kapaipi n'kupindika. Tebulo loyandikana nalo lidafa nacho chikhakhali. "Mwamphamvu, malume, kamodzi n'kamodzi!" Nditakoka koyamba, kambulu kamodzi kadathamanga m'kapaipimo n'kukandigogoda kummero, misozi kunja.

Safunsa adadya phula. Ndidafunsa kuti timeneti n'tiyani. Adati dzina lake ndi tapioca, ena amati boba, ndipo amapangira ufa wa muzu winawake wa kutali. Adatokosa foni n'kundionetsa chithunzi cha muzuwo.

Abale inu, chidali chinangwa.

Chinangwa chenicheni, chomwe chili kuseri kwa khitchini ya amayi. Amachifinya n'kutengako sitalichi yekha, n'kuumba timibulu, kutiwiritsa, n'kutiviika m'madzi a shuga wofiirira. Tikakhalitsa maola angapo timauma gwa, monga momwe chinangwa chophika chimachitira chikagonera. Ndidakhala duu, kapu ili m'manja. Tiyi ndi chinangwa ndiye kadzutsa amene adandilera ine. Amayi ankadzuka kusanache, kuphika chinangwa mumphika wakuda, tiyi wopanda mkaka m'makapu achitsulo, kenako ulendo wokathyola masamba omwe ankapita kunja kukamwedwa ndi anthu omwe sitidzawaona. Kusukulu ana a akalaliki ankabwera ndi buledi wopaka majarini, ine chinangwa changa ndinkadyera kuseri kwa kalasi. Pa njala ya 2002, ndili ndi zaka 12, makaka ndiwo adatisunga, ndipo nditapita ku koleji ndidalumbira kuti chinangwa sindidzachigula ndi ndalama yanga. Lumbirolo ndidasunga ndithu, poti apa adalipira ndi mphwanga.

Chakumwachi n'cha ku Taiwan, chidabadwa m'zaka za m'ma 1980. Nyumba ziwiri za tiyi, Chun Shui Tang ya ku Taichung ndi Hanlin ya ku Tainan, zidakokanakokana m'makhoti kwa zaka zambiri, iliyonse ikuti ndiyo idayambitsa, mpaka mu 2019 khoti lidagamula kuti aliyense ngwomasuka kupanga. Taiwan yomweyi idali bwenzi la Malawi kuyambira 1966 mpaka 2008 pomwe boma lathu lidatembenukira ku Beijing, ndipo chipatala chachikulu cha Mzuzu ndi mphatso yawo. Zaka zonsezo tiyi tili naye, chinangwa tili nacho, koma nzeru yoponya chinacho m'chinzake sidatifikire. Kapena idatifikira, koma tikadamuyesa wamisala woyambitsayo. Chinangwacho nachonso n'chobwera, adachitenga ku South America ndi Apwitikizi, ngakhale lero wa ku Nkhata Bay mutamuuza kuti kondowole ngwachilendo mungatuluke m'nyumba mwake mothamanga.

Apa ndidaona kuti mpata wanga wapezeka. Ndidakonza kummero n'kuyamba ulaliki: waona mphwanga, chomwe ukuchithamangira kunochi n'chakwanu, agogo ako manja awo adachita zikang'a ndi masamba amenewa, munthu usamaiwale komwe udachokera. Ndimalankhula bwino zedi, mwina ndimadzimvera ndekha kukoma. Iye adandigwira dzanja, maso ali kwa anzake.

"Malume, tsitsani mawu."

Ndidayesa kuti akuchita manyazi ndi jekete yanga. Adayankhula motsitsa, m'Chingerezi, poti Chichewa chake chimathera pa moni. Adati kusukulu kwawo odziwa kuti iye ndi Mmalawi ndi awiri okha. Ena onse amangoti ngwa ku Limpopo, iye sawatsutsa. Mu 2015, pomwe alendo ankasakidwa ndipo boma la Malawi lidatumiza mabasi kukatenga anthu ake, iye adali wamng'ono, koma akukumbuka kuti adagona masiku angapo osatuluka m'nyumba, makatani ali chitsekere, amake atamuletsa kuyankhula chinenero cha kwawo ngakhale pakhonde. Adamvera. Lero amake omwewo amamukalipira kuti sadziwa Chichewa, ndipo akayesa pafoni, abale a kumudzi amaseka n'kumamubwerezetsa kuti ena amveko. "Agogo sindidana nawo. Ndimangosowa pothawira akayamba kundifunsa zambiri."

Nanga muno umakondamo chiyani, ndidafunsa, poti shuga yekhayu ngwodwalitsa. Adati muno chakumwachi si cha Mzulu, si cha Msutu, si cha mzungu. Aliyense adachiphunzira ngati momwe ndachiphunzirira ine lero, kupinda kapaipi n'kutsamwa. Palibe amene amafunsa mnzake kuti kwanu n'kuti, amangofunsana kuti wasankha kakomedwe kanji.

Mawu onse ndidasula pa Tete aja adasungunuka limodzi ndi ayisi. Ndidangoti zii, n'kumasaka timibulu totsalira pansi pa kapu, ntchito yofuna luso ndithu. Patapita kanthawi adandifunsa kuti muzu uja timautchula chiyani kwathu. Ndidamuuza. Adayesa, "ngwa" uja n'kumukanika, kutuluka ngati akufuna kulira. Sindidaseke, ngakhale kuseka kudafika pakhosi. Adayesanso kachiwiri, kachitatu. Kenako adajambula makapu athu awiri, n'kujambulanso mawu ake pa WhatsApp: "Agogo, ndamwa tiyi wa chinangwa ndi malume." Adamvetsera yekha kawiri, chala chili m'malere, asanatumize ku foni ya msuweni wake amene amakhala ndi amayi.

Za ulendo wa kumudzi pa Khirisimasi sindidazitchule, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati adzapita.

Yankho lidafika usiku tikudya nsima. Adali mawu a amayi, kumbuyo kukumveka nkhuku ndi wailesi. Sadaseke Chichewa cha mwanayo ngakhale pang'ono. Adamutchula ndi mfunda wake, n'kumuthokoza, kenako adafunsa mwachidwi chenicheni: "Tsono mwanawe, ngati chinangwacho achiponya m'kati mwa tiyi momwemo, nanga tiyiyo mukumwera chiyani?"

Mphwanga adandiyang'ana kuti ndimumasulire.