Lumo la m'kati mwa selo

Ife a ku Chikamveka tikamawerenga za maselo, nyukiliyasi timaifanizira ndi ofesi ya DC ku Zomba: malamulo amasungidwa m'kati, makalata a RNA n'kumatuluka kukalamula kuti mapuloteni apangidwe.

Mu 1998 Andrew Fire ndi Craig Mello, pofufuza kanyongolotsi, anapeza kuti RNA ya zingwe ziwiri imatha kutsekereza makalata amenewa. Enzayimu ya Dicer imaiduladula, ndipo Argonaute imanyamula kachidutswa kamodzi ngati adiresi, n'kukasaka kalata yogwirizana nako kuti iidule. Ambiri ankati mwa munthu zimenezi zimachitikira kunja kwa nyukiliyasi kokha.

Koma mu 2014 gulu la David Corey ku Dallas linasonyeza kuti Argonaute 2 imadulanso RNA m'kati momwemo. Chimene chimatigometsa n'chakuti adiresiyo imalandirira panja, kenako n'kulowa nayo.

Si nkhani ya mayeso chabe. Jakisoni wa inclisiran, wotsitsa kolesitolo, amathera ntchito yake panja. Koma pa matenda ofooketsa minofu otchedwa myotonic dystrophy, RNA yolakwika imaunjikana m'nyukiliyasi osatuluka. Mankhwala ofuna kuidula ayenera kuilondola komweko.