Kodi Munthu Angabale Mwana ndi Mlendo wa ku Nyenyezi?

Kuyambira kalekale anthu akhala akusimba nthano za maukwati odabwitsa. Agogo a kumidzi ankakamba za namwali wokana amuna, amene potsiriza anakwatiwa ndi fisi wodzisandutsa munthu. Masiku ano nthano zotere zalowa m'kanema. M'tinyumba ta vidiyo ta ku Chinsapo, ku Mgona ndi ku Area 23, ana amaona zamoyo zotsika ku nyenyezi zikukwatirana ndi anthu ndi kubala ana. M'kanema wa ku America wotchedwa Star Trek, amene anayamba kuonetsedwa m'chaka cha 1966, muli Spock wa makutu osongoka, amene amake ndi munthu, koma atate ake ndi a dziko lopeka la Vulcan.

Mkulu wina wa ku Kawale, kalipentala amene anaphunzira kuwerenga imvi zitamera kale, anafunsidwa tsiku lina ndi mdzukulu wake kuti, "Agogo, kodi mwana wotereyu angabadwedi?" Mkuluyo sanaseke, pakuti masiku omwewo anali ndi nkhani yomulemera. Mwana wamkazi wa mlongo wake, wokhala ku Biwi, anafunsiridwa ndi mnyamata wa ku Rumphi wokhala ku Area 25. Abale ena anali kukana, nati, "Magazi athu ndi awo sagwirizana, ana adzabadwa ofooka." Iye pokhala mtsibweni, onse anali kudikira mawu ake. Tsono anaona kuti mafunso awiriwa ali ndi tsinde limodzi: kodi malire a kubalana ali pati? Zimene anazipeza pofunsa ndi powerenga ndi izi.

Akale anati, "Make mbuu, mwana mbuu," pakuti anadziwa kuti mwana amatengera makolo, ngakhale njira yake sanaione. Thupi la munthu linamangidwa ndi tizipinda tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. M'kati mwa selo muli timaulusi totchedwa makromozomu, ndipo pa timaulusi timeneti palembedwa malangizo onse a thupi: msinkhu, khungu, mphuno, ngakhale mtundu wa magazi. Malembowo ndiwo amatchedwa DNA. M'chaka cha 1956 akatswiri anawerenga bwino timaulusi ta munthu, napeza kuti tilipo 46. Theka lake, 23, limachokera kwa mayi, ndi 23 ena kwa bambo, ndipo timakhala tiwiritiwiri, kalikonse ndi kanzake kofanana nako.

Apa kalipentala anamva msanga. Chitseko chimene sanachiyeze pa felemu yake sichitseka, ngakhale thabwa lake likhale la mlombwa. Momwemonso timaulusi ta bambo tiyenera kulingana ndi ta mayi, kuti mwana aumbike ndi kuti iyenso adzabale.

Chitsanzo chake ndi nyulu. Kavalo ali ndi timaulusi 64, bulu ali ndi 62. Bulu wamphongo akakwera kavalo wamkazi, pamabadwa nyulu wokhala ndi timaulusi 63: 32 ta make ndi 31 ta atate ake. Nyulu ndi wamphamvu pa ntchito, koma pafupifupi nthawi zonse amakhala wosabala, chifukwa timaulusi take sitipezana bwino tiwiritiwiri. Kavalo ndi bulu ndi apachibale, koma anapatukana kale kwambiri. Mbuzi ndi ng'ombe zinatalikirana koposa, kotero zingagone khola limodzi zaka khumi osabalirana.

Pamene chibale chili pafupi, kusakaniza sikuvuta. Tambala wakuda wa Mikolongwe, amene mtundu wake unachokera ku Australia, amabalitsa thadzi la pamudzi, ndipo anapiyewo akakula amabalanso. Ku Chitedze, panjira yopita ku Mchinji, akatswiri a ulimi amakwatitsa chimanga ndi chimanga chinzake, ndipo m'chaka cha 1990 anatulutsa mbewu ya MH18, yokonoka bwino mumtondo. Nkhuku ndi nkhuku, chimanga ndi chimanga, ngakhale zichokere kutali.

Nanga mlendo wa ku nyenyezi? Kufikira lero palibe chamoyo cha dziko lina chimene chinapezeka. Ndipo chikadapezeka, moyo wake ukadakhala woyambira kwina, wopanda kholo limodzi ndi munthu. Zamoyo zonse za pansi pano, nyerere, chambo, dzungu ndi munthu, zinalembedwa ndi zilembo zinayi zomwezo za DNA. Chifukwa chake dzungu la m'dimba lili pafupi ndi munthu koposa mlendo wa ku nyenyezi, ngakhale mlendoyo akhale ndi miyendo iwiri ndi kulankhula mwaulemu. Ngati munthu sabala mwana ndi dzungu, ndi mlendoyo sangathe ndi pang'ono pomwe. Spock ndi wa m'nthano, monga fisi uja.

Komabe nthanozi zili ndi kambewu ka choonadi, pakuti kale pa dziko lino panali anthu a mitundu ina amene lero kulibe. M'chaka cha 1856 anthu ofukula miyala m'chigwa cha Neander ku Germany anapeza mafupa a munthu wojintcha, wa chipumi chotsetsereka ndi zikope zotundumuka. Anthu a mtundu umenewu anatchedwa a Neanderthal. Ankakhala ku Ulaya ndi ku Asia, ankasonkha moto ndi kusema miyala, ndipo anatha zaka ngati 40,000 zapitazo. M'chaka cha 2010 Svante Pääbo ndi anzake ku Leipzig anawerenga DNA ya m'mafupa awo, napeza kuti anthu amene anatuluka mu Africa kalelo anakumana nawo ndi kubalirana nawo. Mpaka lero Azungu ndi anthu a ku Asia ali ndi gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 100 a DNA yawo lochokera kwa a Neanderthal. Anthu a mu Africa ali nalo lochepa kwambiri. M'chaka cha 2018 kunamvekanso za kafupa kopezeka m'phanga la Denisova ku Siberia. Kanali ka mtsikana amene anakhala ndi moyo zaka ngati 90,000 zapitazo, amake a Neanderthal, atate ake a mtundu winanso wotchedwa Denisovan. Pa ntchito zimenezi Pääbo analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2022.

Mkulu uja atamva izi anaganiza motere: ngati anthu amene anapatukana zaka mazana a zikwi anatha kubala ana, ndipo zidzukulu zawo zilipo lero, nanga Rumphi ndi Lilongwe? Anthu onse amoyo lero ndi a mtundu umodzi, wochokera mu Africa. Pa zilembo 1,000 za DNA, anthu awiri alionse amafanana pa zilembo ngati 999. Mchewa, Mtumbuka, Myao, Mlomwe, Mmwenye ndi Mzungu, onse timaulusi tawo timalingana. Mbiri ya dziko lino ikuchitira umboni. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835, nakwatira akazi a mitundu imene anaipeza, ndipo mbumba zawo zadzaza Mzimba ndi Mchinji. Kuyambira 1975, pamene Lilongwe anakhala likulu la dziko, anthu a zigawo zonse akhala moyandikana m'makomboni, ndipo ana a maukwati awo ndiwo akusewera mpira m'mabwalo a Kawale.

Nkhani ya magazi yoyenera kuiopa ilipo, koma siyang'ana mtundu. Ndiyo matenda a siko selo, amene amamweretsa mwana magazi ndi kumuwawitsa mafupa. Bambo ndi mayi angakhale athanzi onse awiri, koma aliyense atanyamula mbewu ya matendawa mosadziwa. Zikatero, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe nawo. Achibale okwatirana ndiwo amakumanitsa mbewu zotere kawirikawiri koposa anthu ochokera kutali. Choulula zimenezi ndi kuyezetsa magazi kuchipatala, osati kufunsa mfunda kapena mudzi.

Choncho pamene abale anasonkhana ku Biwi, mtsibweni anati, "Achemwali, za malowolo ndi za kumene banja likakhale, ankhoswe akambirane modekha, pakuti miyambo imasiyanadi. Koma za magazi tisanamizire. Anawa apite akayezetse, basi."

Miyambo, zilankhulo ndi zakudya ndi zimene anthu anaphunzira atabadwa, ndipo zimene munthu anaphunzira angathe kuzikambirana ndi mnzake. Malire enieni a kubalana ali kutali, kumene kulibe munthu aliyense wamoyo. Kholo lokaniza mwana ukwati likhale ndi chifukwa chooneka, monga ulesi, kuledzera kapena nkhanza za mkamwini. Koma lisayese munthu wa boma lina ngati wotsika ku nyenyezi, pakuti iyenso ndi mbale, ndipo chibale ndi fupa, sichiola.