Achemwali, atulutsireni bambo bawo ija



Ndamva kuti chibwerereni bambo kwanu ku Area 25 amangobindikira kuchipinda ndi wailesi, ana nawonso ali pabalaza maso ali pafoni. Kusamala mukuwasamala, sindikukana. Nsima ikupezeka, mankhwala a BP sakusowa. Koma munthu amene ankasonkhanitsa anthu pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kulowa sangakhutire ndi nsima yokha.

Bawo ija musaisiye kuseri kwa kabati. Mawondo a bambo sangathenso fulaye kapena jingo, koma zala ndi mutu zikadali zakuthwa. Mabowo 32, nkhomo 64, basi sukulu yakwana. Mwana wanu amene akulira ndi masamu a Sitandade 4 uja adzayamba kuwerengera patsogolo asanatakate, osadziwa n'komwe kuti akuphunzira. Ndipo pabawo palibe wamkulu. Mdzukulu amadya nkhomo za agogo ake poyera, iwo n'kuseka mpaka kutsokomola, n'kumuuza kuti mawa adzaona. Mawa limenelo ndi limene limadzutsa nkhalamba m'mamawa.

Palinso china chimene chimandisowetsa tulo. Kalembera wa 2018 adapeza kuti pafupifupi theka la Amalawi sanakwane zaka 18, ndipo ambiri akukula akungoonera okalamba patali. Bungwe la MANEPO lakhala likudandaula za agogo amene amamenyedwa, ena kuphedwa kumene, powaganizira ufiti. Kawirikawiri nkhani zotere zimayambira pakamwa pa mwana woopsezedwa, woti agogo akutiakuti amamutenga usiku. Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza okalamba mu 2024, n'zabwino ndithu, koma lamulo limafika chiwembu chitachitika kale. Mwana amene dzulo lomweli amaseka ndi nkhalamba pabawo savomera msanga bodza lotere.

Bungwe la WHO lidakhazikitsa mgwirizano wa mizinda ndi madera okomera okalamba mu 2010, ndipo mwa zimene limalimbikitsa muli malo okhalapo panja ndi kusawapatula okalamba pa zochitika. Ife tisadikire khonsolo. Loweruka lino tsegulani geti, ikani benchi pamthunzi, muitane ana a aneba. Agogo aakazi okhala kuseri kwanu aja muwapemphe adzaphunzitse atsikana phada, madzulo adzaponye zilapi. Ana akasokosa, asiyeni asokose.

Nkhomo zikaperewera mundiuze, ndidzabwera nazo kumapeto kwa mwezi. Mundiperekere moni kwa alamu.

Ine mchimwene wanu.