Kacipinda ka ku St Mary's

Mumzinda wa London, pafupi ndi siteshoni ya Paddington, pali cipatala cochedwa St Mary's. Pamwamba pace pali kacipinda kopanikiza, kodzala ndi mabotolo ndi timbale tagalasi, kokwerako ndi makwerero. M'menemo, caka ca 1928, Alexander Fleming anaona cuku, conga ca pa nsima yogona, citapha tizirombo m'mbale. Ndico ciyambi ca penicillin.

Koma mwini waceyo anacenjeza mu 1945 kuti mankhwala operewera sapha tizirombo, angotizoloweretsa. Sananame. Pofika 1961, ku Mangalande komweko kunaoneka tizirombo tosamva ngakhale methicillin, mankhwala atsopano. Lero matenda otere asautsa zipatala m'maiko onse. Komabe ife kuno tigula makapisozi awiri atatu pamsika, monga mtedza.